Funsani Amakaniko: Hedi ya Injini Zakale

Okutobala wafika, ndipo makalata a mwezi uno pafupifupi onse akulira chinthu chimodzi. Chaka chilichonse zimatero. Dzuwa likayamba kuswa mtengo ku Nyungwe, komwe ena amati Tete, pa galaja panga pano pa Ulongwe pamadzaza mahedi oyalidwa pa masaka, eni ake atakhala pambali manja ali m'masaya. Ena mwa inu mwalemba kuti kabesa, ena hedi, ena junta, ena gasiketi. Ine ntchitoyi ndinaiphunzira ku Dedza tili othawa nkhondo, n'kubwerera kuno mtendere wa 1992 utabwera, choncho mawu onsewa amatuluka pakamwa panga. Junta ndiye gasiketi, chotchinga chopyapyala cha pakati pa hedi ndi buloko. Kabesa ndiye hedi: chitsulo chovundikira masilinda pamwamba pa buloko, momwe muli mavavu, momwe moto umayakira, ndiponso momwe madzi amazungulira kuti motowo usawononge. Pa zaka zonse zomwe ndagwira sipanala, mahedi amene ndinawaona atafa ndi ukalamba ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Ena onsewo anaphedwa ndi kutentha.

FUNSO: Bambo, agogo anga aamuna anatisiyira Land Rover ya petulo ya masilinda anayi, ija magetsi ake ali pakati, pafupi ndi redieta. Yakhala pansi pa mtengo wa pichesi zaka zoposa khumi. Titatsegula tapeza hedi itang'aluka pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu. Ndapeza mahedi awiri ogulitsa, ina ku Matundo, ina kwa munthu wina wa ku Zobwe. Onse akuti ndi ya Land Rover ndipo ikwana. Ndidziwa bwanji yoyenera? Ndine mdzukulu, ku Domwe.

YANKHO: Mwana wanga, wachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'thumba, paja safunsa anadya phula. Wogulitsa akati ndi ya Land Rover sananame, koma sanakuuzenso kanthu. Magetsi apakatiwo akundiuza kuti galimoto ya agogo akoyo ndi yakale ndithu, mwina Series II kapena IIA, chifukwa cha m'ma 1969 anasamutsira magetsi pa madigadi. Ikakhala imodzi mwa ziwirizi, injini yake, ngati palibe anaisintha, iyenera kukhala ija ya 2286 cc yomwe inayamba mu 1958 n'kupitirira mpaka m'ma 1980. Pa zaka zonsezo hedi yake sinali imodzi.

Yamba ndi kuitembenuza chagada. Hedi ya petulo ili ndi timaenje tinayi tokumbika ngati timbale, m'kaenje kalikonse muli mavavu awiri ndi bowo la pulagi. Ya dizilo nkhope yake ndi yosalala, ndipo pambali pa mavavu pali tizitsulo tozungulira tokhala ndi kabowo kamodzikamodzi. Buloko za injini ziwirizi zimafanana kwambiri, n'chifukwa chake ngakhale ogulitsa amasokonezeka popanda chinyengo.

Ukatsimikiza kuti ndi ya petulo, iimike bwino n'kuyang'ana pamwamba, mbali ya kabureta, pafupi ndi bawuti yapakati. Mahedi ena ali ndi kamalo kotukuka kangodya zinayi. Kapale ndi burashi yawaya. Ukaona 8 yodindidwa, hediyo ndi ya 8:1. Ukaona 7, kapena kamaloko kakapanda kupezeka, ndi ya 7:1. Manambalawa akunena za mmene pisitoni imapanikizira mpweya ndi petulo moto usanayake. Ya 7:1 ankaitumiza kumayiko komwe petulo anali wofooka, ndipo ambiri amene ndawaona kuno ndi amenewo. Ya 8:1 ndi yopyapyala kuposa ya 7:1 ndi mamilimita pafupifupi 2,5, ndipo ndodo zake zokankha maroka, tizitsulo totsegula mavavu, n'zazifupi pang'ono. Ukagula hedi ya 8:1, pempha ndi ndodo zake zomwe. Koma nambala yodindidwayo usaikhulupirire yokha. Hedi ya zaka makumi asanu yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo mwina inapalidwa kawiri kapena katatu. Tenga yako yoswekayo upite nayo, uziike pafupi, uyeze makulidwe a zonse ziwiri, uonenso ngati mabowo a madzi, malo a temositati ndi mazinga a mabawuti ang'onoang'ono zikufanana. Injini zomalizira zinali ndi mazinga a mamilimita pomwe zakale zinali za mainchi.

Tsopano kuyeza. Apa mpomwe anthu amafulumira, pomwe kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsuka nkhope ya hedi mpaka zotsalira za gasiketi yakale zithe. Goneka rula yachitsulo yowongoka, ya anthu a makina, osati ya ana asukulu, n'kumalowetsa pansi pake filageji, timapepala tachitsulo toyezera mipata yaing'ono. Yeza m'litali m'mbali zonse ziwiri ndi pakati, kenako mopingasa kuchoka pa ngodya kupita pa ngodya. Buku la injini iliyonse lili ndi malire ake, koma ine pa hedi ya masilinda anayi ndikaona 0,10 mm ikulowa momasuka, makamaka pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu, ndimaitumiza kokapala.

Ming'alu ndimaifufuza ndi parafini ndi choko. Nyowetsa timaenje tija ndi parafini, dikira pang'ono, pukuta mpaka pawume, paka choko, kenako gogoda hediyo pang'onopang'ono m'mbali ndi hamala yaing'ono. Pomwe pali mng'alu, parafini wotsalira mkati amatuluka n'kujambula kamzere konyowa pa choko. Yang'anitsitsa pakati pa mavavu awiri ndiponso kuchokera pa vavu ya ekizozi kupita ku bowo la pulagi. Ukatha, bwezera mapulagi, dzaza parafini m'timaenjemo hedi ili chagada, n'kumaona ngati akudontha kutulukira m'mabowo a m'mbali. Akadontha, mavavu sakutseka bwino, koma imeneyo ndi ntchito yochizika. Mng'alu wa mkati mwa njira za madzi sungauone ndi maso. Umaoneka kwa anthu a makina okha, omwe amatseka mabowo onse a madzi, kupopera mpweya, n'kumiza hediyo m'madzi otentha kuti aone thovu. Gwirizana ndi wogulitsa kuti ndalama umupatsa hedi ikapambana mayeso amenewa. Wokana zimenezi wakuyankha kale.

Zonse ziwiri zikakhala zabwino, ine ndingatenge ya 8:1. Petulo wa masiku ano amaikwanira, ndipo kuno kumtunda, komwe mpweya ndi wopepuka, injini imataya mphamvu, choncho kupanikiza kowonjezerako kumathandiza pa zitunda za ku Domwe. Koma ya 7:1 yamoyo imaposa ya 8:1 yokayikitsa. Mabawuti ake amamangidwa pa 88 Nm, matapeti, ndiye kuti mpata wa pakati pa roka ndi vavu, pa 0,25 mm onse. Hedi ya agogo usaigulitse kwa a zitsulo zakutha. Masipuling'i, maroka ndi timabawuti take udzazifuna. Ndipo usanalize injiniyo, tsegula redieta ndi pampu ya madzi. Chimene chinang'alula hedi yoyambayo chikadali m'galimotomo, chakhala chikudikira pansi pa pichesi zaka zonsezi.

FUNSO: Achimwene, ndili ndi Peugeot 504 pikapu ya petulo yomwe ndimanyamulira mbatata ndi kabichi kuchoka ku Tsangano kupita ku Tete. Chaka chino chokha junta yapsa katatu. Nthawi zonse zimachitika pobwerera, ndikadutsa Moatize n'kuyamba kukwera. Amakaniko anga anachotsa temositati kuti injini izizizira, koma sizinathandize. Ulendo womalizawu oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka. Kodi magasiketi a masiku ano ndi abodza? Ndine mlimi, ku Tsangano.

YANKHO: Achimwene, magasiketi achabechabe alipodi pamsika, koma gasiketi ikapsa katatu pa galimoto imodzi pa chitunda chimodzi, mlandu si wake. Iyo ndi mboni chabe.

Taganizirani ulendo wanuwo. Mumanyamuka ku Nyungwe masana, komwe mwezi uno kutentha kumapitirira madigiri 40. Simubwerera wopanda kanthu, ndikudziwa, mumakweza feteleza kapena simenti. Mumachoka m'chigwa cha Zambezi n'kumakwera mamita oposa 1000, injini ikukoka pa giya yotsika, mphepo yolowa m'redieta ili yochepa. Komanso mukamakwera, madzi amawira msanga. Kuno ku Ulongwe madzi a m'poto amawira pa madigiri pafupifupi 96, osafika 100. Chimene chimaletsa madzi a m'injini kuwira ndi chitsekerero cha redieta, chomwe chimasunga mphamvu mkatimo. Labala wake akatha kapena sipuling'i yake ikafooka, madzi amawira mkati mwa hedi, pafupi ndi mavavu a ekizozi, ndipo pomwe pali nthunzi chitsulo sichizizira. Kachinthu kotsika mtengo kameneka kapha mahedi ambiri kuposa china chilichonse chomwe ndikuchidziwa.

Hedi ya 504, monga ya 404 yomwe inaitsogolera, ndi ya aluminiyamu pamwamba pa buloko yachitsulo. Amene akukayika za hedi yake aikepo maginito: pa chitsulo amamata, pa aluminiyamu amagwa. Zitsulo ziwirizi zikatentha sizifutukuka mofanana, aluminiyamu amafutukuka kwambiri. Injini ikawira kamodzi kokha mwamphamvu, hedi imapindika ngati thabwa losiyidwa pa dzuwa. Ngati amakaniko anu ankangosintha gasiketi osayeza hedi, ankaika gasiketi yatsopano pansi pa hedi yopindika, ndipo inkayenera kupsanso.

Za temositati ndinene mosabisa: ibwezereni. Ndikumvetsa maganizo a amene amaichotsa, koma galimoto yanu imagona ku Tsangano, komwe mu Juni m'mawa madzi amaluma zala. Popanda temositati injini imayenda yozizira mtunda wautali, imamwa petulo wambiri, masilinda amatha msanga, kenako masana imapsa pa chitunda. Kuzizira ndi kutentha kosinthanasinthana kotereku ndi komwe kumatopetsa gasiketi. Injini yomwe imawira temositati yabwino ili m'malo mwake ili ndi vuto lina, ndipo vuto limenelo ndi lomwe muyenera kulipeza: redieta yotsekeka ndi matope, lamba wa fani wolefuka, pampu yomwe mapiko ake anadyeka, kapena moto wochedwa pa disitibyuta.

Tsopano za oyilo wa mkakayo, chifukwa ndi zomwe zandidetsa nkhawa. Injini ya Peugeot imeneyi masilinda ake sanawaboolere m'buloko. Ili ndi masilivi, omwe kuno timati makamiza, oyima paokha atazunguliridwa ndi madzi. Pansi pa iliyonse pali kagasiketi kopyapyala kotchinga madzi kuti asatsikire ku oyilo, ndipo chimene chimaipanikiza pansipo ndi hedi yomwe. Mukanyamula hedi molunjika m'mwamba, gasiketi yomatirira imatha kukoka kamiza. Mukazungulitsa injini hedi itachotsedwa, mapisitoni amaikankhira m'mwamba. Ikangosuntha pang'ono, dzimbiri limagwera pansi pake ndipo sikhalanso bwino.

Izi ndinaziphunzira mowawa. Ndili mnyamata ku Dedza, bambo amene ankandiphunzitsa anandisiyira 404 ya munthu wina wonyamula matabwa kuti ndipale mwaye pa mapisitoni. Ndinazungulitsa injini kuti pisitoni ina ikwere. Sindinaone chilichonse chikusuntha. Tinatseka, galimoto inalira bwino, mwini wake analipira n'kupita. Patatha masiku anayi anaibweza akuikoka, oyilo atayera. Bambo aja sanandikalipire. Anandiuza kuti nditsitse injini yonse ndekha, nditulutse makamiza onse anayi, ndione ndi maso anga pomwe madzi anadutsa. Mwini galimotoyo anataya ntchito ya sabata ziwiri chifukwa cha ine, ndipo nkhope yake ndimaikumbukira mpaka lero. Kuyambira pamenepo, hedi ya Peugeot ndimaigwedeza cham'mbali kuti imatuke ndisanainyamule, ndipo ikangochoka ndimapanikiza makamiza ndi mawashala akuluakulu ndi mabawuti ndisanakhudze china chilichonse.

Choncho ulendo uno musalole kuti angosintha gasiketi. Hedi iyezedwe ndi rula, ipite kokaiyesa ming'alu. Makamiza ayezedwe mmene atulukira pamwamba pa buloko. Amayenera kutuluka pang'ono zedi, kochepera makulidwe a pepala, ndipo onse anayi mofanana. Imodzi ikatsika, gasiketi singagwire pamenepo ngakhale itakhala yochokera ku France. Mabowo a mabawuti m'buloko apukutidwe mpaka pansi, chifukwa bawuti yomangidwa pamwamba pa madzi kapena oyilo imaoneka yolimba isanapanikize hedi, ndipo imatha kung'alula buloko. Pomasula, injini ikhale itazizira, kuyambira kunja kulowa mkati. Pomanga, kuyambira pakati kumka kunja mozungulira, kawiri kapena katatu, ndi sipanala yoyezera mphamvu ija timati tooki. Mkono wa munthu, ngakhale wa zaka makumi anayi pa ntchito ngati wangawu, sudziwa kusiyanitsa bawuti yachitatu ndi yachisanu ndi chinayi. Matapeti ake ndi 0,10 mm olowetsa ndi 0,25 mm a ekizozi, injini ili yozizira. Mukayenda makilomita pafupifupi 1000, bwererani akamangenso mabawuti ndi kuyezanso matapeti. Ambiri sabwerera.

Ndipo tsiku lina singano ikadzakwera muli pa chitunda cha ku Mussacama, imani, tsegulani boneti, khalani pansi pa mtengo. Musathire madzi ozizira m'injini yotentha. Kabichi wofota amagulitsidwabe, koma hedi yong'aluka ayi.

FUNSO: Bambo, malemu amuna anga anandisiyira Nissan 1400 yomwe mwana wanga amanyamulira katundu wa anthu pa msika. Hedi yake inapalidwa kale kawiri. Tsopano madzi akuthanso ndipo amakaniko akuti ipalidwe kachitatu. Ndivomere? Ndine mayi wamasiye, ku Moatize.

YANKHO: Mayi, pepani ndi zomwe zinakugwerani. Musavomere asanakuonetseni ndi rula ndi filageji kuti hediyo yapindikadi. Kupala si mwambo woti uzichitika nthawi iliyonse hedi ikatsegulidwa. Kupala kulikonse kumachepetsa timaenje ta moto, kupanikiza kumakwera, ndipo injini imayamba kulira ngati muli timiyala ikamakoka katundu. Kulira kumeneko kumatenthetsa hedi, n'kupsanso gasiketi, n'kupalanso, mpaka hedi itatha.

Hedi ya injini ya A14 imeneyi ndi ya aluminiyamu, ndipo zomwe ndimazipeza kawirikawiri kumeneko ndi kudyeka. Apempheni akuonetseni mabowo a madzi pa nkhope ya hedi. Akakhala ngati chiswe chadutsapo, m'mphepete mwake mutakumbika kulowera ku silinda, ndiye kuti galimotoyo yakhala ikumwa madzi a pa chitsime kapena a mu Revubwe opanda mankhwala. Malo otero wowotcherera aluminiyamu waluso amawadzaza, kenako n'kupala pang'ono pokha kuti pasalale. Hedi ikakhala kuti yapyapyala kwambiri, funani ina. Galimoto zimenezi zinapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, mpaka 2008, choncho mahedi ake akupezekabe. Mwana wanu muuzeni kuti m'redieta azithira madzi oyera osakaniza ndi mankhwala a m'redieta aja obiriwira kapena ofiira. Anthu amati mankhwalawo ndi a kumayiko ozizira. Kwa ife ntchito yake ndi kuletsa dzimbiri ndi kudyeka kumeneku.

FUNSO: Akulu, Hilux yanga yakale ya dizilo, injini 2L, inayamba kutulutsa thovu m'redieta. Ndinagula hedi ina kutsidya kwa malire, koma pofika nayo kuno zitsulo za pamwamba sizikugwirizana ndi zanga, pomwe pa buloko zonse palembedwa 2L. Komanso yanga yakaleyo ili ndi timing'alu pakati pa mavavu. Kodi yatheratu? Ndine wonyamula fodya, ku Furancungo.

YANKHO: Achimwene, dzina ndi limodzi koma injini ndi ziwiri. 2L yoyamba, ya 2446 cc, kamushafuti yake imatsegula mavavu kudzera m'maroka. Cha m'ma 1988 Toyota anaisintha, kamushafuti n'kumakankha mavavu mwachindunji kudzera m'tizikho tokhala ndi timashimu pamwamba, monga zilili pa 3L ya malita 2,8. Mukanatsegula chivundikiro cha pamwamba musanalipire, mukanaona kusiyanako nthawi yomweyo. Musakakamize hediyo kuti ikwane. Ibwezeni kapena igulitseni kwa amene ali ndi injini yake, ndipo ulendo wina mudzapite ndi yakaleyo m'thumba la saka ngakhale ikulemera.

Timing'alu ta pakati pa mavavu timapezeka pa mahedi ambiri a dizilo amtunduwu, ndipo si tonse tomwe timafika ku madzi. Ena amayenda nato zaka. Koma inu mwaona thovu m'redieta, ndipo thovu limenelo ndi mpweya wa m'silinda womwe wapeza njira. Njirayo ingakhale gasiketi, ingakhalenso mng'alu, ndipo chosiyanitsa ndi mayeso a mpweya m'madzi otentha aja ndanena pamwambapa. Ikatulutsa thovu kumeneko, isiyeni. Kuwotcherera chitsulo cha hedi ya dizilo pakati pa mavavu sindinakuonepo kukukhalitsa.

Pa dizilo samalani ndi kupala kuposa pa petulo. Pisitoni imafika pafupi kwambiri ndi hedi, ndipo mukapala, mavavu amayandikira pisitoni. Tizitsulo tozungulira ta pa nkhope ya hedi tija, momwe dizilo amayambira kuyaka, tionedwe ngati sitinang'aluke kapena kumasuka. Pa injini za mtundu wachiwiriwo magasiketi ali ndi makulidwe osiyana, ndipo amasankhidwa poyeza mmene mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko. Hedi ikachoka, ikaninso lamba watsopano wa tayimin'i. Akaduka muli ndi mabelo a fodya kumbuyo, mavavu amakumana ndi mapisitoni ndipo ntchito yonseyi iyambiranso.

FUNSO: Anzanga akuti dzira laliwisi kapena fodya wopera m'redieta zimatseka gasiketi yodontha. N'zoona? Ndine woyendetsa chapa, minibasi yonyamula anthu, ku Zobwe.

YANKHO: Dzira limatha kutseka kabowo ka redieta kuti mufike kunyumba usiku, chifukwa mphamvu ya madzi pamenepo ndi yochepa. Gasiketi ya hedi imalimbana ndi moto wa m'silinda, womwe mphamvu yake ndi yoposa pamenepo kambirimbiri, ndipo palibe dzira lomwe lingaime pamenepo. Chomwe dzira ndi fodya zimatsekadi ndi timipaipi ta redieta. Ndatsegulapo maredieta omwe theka la timipaipi take linali lotsekeka ndi zinthu zotere. Inu mumanyamula anthu, achimwene. Imitsani galimotoyo ikonzedwe.

FUNSO: Bambo, Land Rover Series III yanga ya petulo kale inkachita phokoso la matapeti, koma tsopano yakhala chete yokha popanda woikhudza, ndipo ndinakondwa. Chodabwitsa n'chakuti ikatentha imagwedera, mphamvu yachepa, ndipo nthawi zina imaphulika ku ekizozi. Sabata iliyonse ndimayenda nayo kuchoka ku Ulongwe kupita ku Tete. Ndine mphunzitsi wopuma, ku Ulongwe.

YANKHO: Aphunzitsi, kalata yanuyi ndaisunga pomaliza chifukwa ndikufuna onse a injini zakale zachitsulo aiwerenge. Kukhala chete kumeneko si kuchira. Injini imeneyi imayenera kumveka matapeti pang'ono, ngati makina osokera ali patali. Ikatontholeratu yokha, ndiye kuti mpata wa 0,25 mm uja watsekeka.

Chifukwa chake n'chotere. Pamene injini yanu inkapangidwa, petulo anali ndi mtovu, ndipo mtovuwo unkasiya kansalu kopyapyala pomwe vavu ya ekizozi imakhala ikatseka, pa siti yake. Pa hedi yachitsulo ya Land Rover, siti imeneyo inangosemedwa m'chitsulo cha hedi chomwecho, chomwe si cholimba kwenikweni. Mayiko a kuno kumwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika kumayambiriro kwa 2006, ndipo anachita bwino, chifukwa mtovu umawononga ubongo wa ana. Koma popanda kansalu kaja, vavu yotentha imamatirira pa siti n'kumathothola tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo pang'onopang'ono imamira m'hedi. Ikamamira, tsinde lake limakwera n'kudya mpata wa tapeti. Mpata ukatha, vavu sitsekanso, mphamvu imathawa, moto umadutsa m'mphepete mpaka vavu itapsa. Mahedi a aluminiyamu, monga a Peugeot ndi Nissan aja, anabadwa ndi masiti olimba olowetsedwa, choncho vutoli silikhala lalikulu kwa iwo. Galimoto yongoyenda pang'onopang'ono m'minda imatha zaka osaliona. Yanu imathamanga pa tala maola angapo injini ili yotentha, ndipo mpomwe kumiraku kumafulumira.

Musapitenso nayo ku Tete musanayeze. Tsegulani chivundikiro, werengani mavavu kuyambira kutsogolo, 1 mpaka 8. Zungulitsani injini mpaka vavu 8 itatsegukiratu, yezani vavu 1. Ikatseguka 6, yezani 3. Ikatseguka 4, yezani 5. Manambala awiriwo nthawi zonse apange 9. Musanakonze mpata uliwonse, lembani kaye m'kope zomwe mwapeza, vavu ndi vavu, pamodzi ndi tsiku ndi makilomita a pa wotchi. Kenako ikani onse pa 0,25 mm. Mphamvu ikabwerera, mavavu mwawapulumutsa. Ikapanda kubwerera, muyezetse kupanikiza kwa silinda iliyonse, chifukwa ina yapsa kale.

Mukayenda makilomita 2000, yezaninso ndi kulembanso. Mipata ya mavavu olowetsa ikakhala pomwe munaisiya koma ya ekizozi yachepanso, ndiye kuti masiti akumira, ndipo mankhwala ake enieni ndi kutumiza hedi kwa a makina kuti akaseme malo n'kulowetsa masiti anayi olimba a ekizozi, asinthe ndi magayidi ngati mavavu akugwedera. Ntchito imeneyi imachitika kamodzi. Podikira ndalama, chepetsani liwiro pa tala ndipo muziyeza matapeti mwezi uliwonse. Popeza tili m'tauni imodzi, bwerani nayo Loweruka m'mawa ndi kope lanulo. Filageji ndili nayo, ndipo ndikuonetsani pa vavu yoyamba, zisanu ndi ziwiri zotsalazo muyeze nokha.